Ndani anaika sikelo? Mtsutso wa Mulungu ndi gwero la chabwino ndi choipa

Mtsutso umenewu kawirikawiri umafa usanayambe n'komwe. Wina amafunsa kuti, "Ngati kulibe Mulungu, chikukuletsa kuba n'chiyani?" Mnzake amayankha kuti akudziwa anthu osaponda kutchalitchi kapena kumzikiti amene sanatolepo ndi tambala yomwe ya mwini, komanso akuluampingo amene anadya ndalama za malata. Woyambayo amatchula Stalin, wolamulira wa Soviet Union wosakhulupirira Mulungu amene anaphetsa anthu ambirimbiri, wachiwiriyo amatchula nkhondo za chipembedzo, ena m'gulu la WhatsApp ayamba kuponya mavesi, ndipo pofika usiku wina watuluka m'gulumo atakwiya. Aliyense wanenako zoona, koma palibe wayankha mnzake, chifukwa aliyense amayankha funso lakelake.

Mafunso amene amasakanizidwa pamenepa alipo anayi. Loyamba ndi la khalidwe: kodi munthu wosakhulupirira Mulungu angakhale wachifundo ndi woona mtima? Lachiwiri ndi la kudziwa: timazindikira bwanji kuti ichi n'chabwino, icho n'choipa? Lachitatu ndi la gwero: n'chiyani chimachititsa kuti choipa chikhale choipa ndithu, ngakhale mudzi wonse utachivomereza? Lachinayi ndi la chikakamizo: ndichitirenji chabwino pamene palibe wondiona, ndiponso ndiluza nacho?

Awiri oyambawo sayenera kudya nthawi. Paulo yemwe, pa Aroma 2:14-15, akuti anthu a mitundu ina amene alibe Chilamulo amachita mwachibadwa zimene Chilamulo chimafuna, chikumbumtima chawo chikuwachitira umboni. Choncho Mkhristu wonena kuti wosapemphera sangadziwe chabwino akutsutsana ndi buku lake lomwe. Komanso wosakhulupirira amene akuloza anthu abwino osapemphera sanalikhudze funso lachitatu. Munthu wa ku Ndirande atha kumwa madzi a pampopi moyo wake wonse osadziwa kuti ochuluka amapopedwa mu Shire ku Walker's Ferry. Kusadziwa gwero sikumuletsa kumwa, ndipo kumwa kwakeko sikutiuza kumene madziwo achokera. Nkhani yeniyeni ili pa gwero.

Pakhonde la bwalo la milandu ku Athens

M'chaka cha 399 Yesu asanabadwe, Socrates wa ku Athens anazengedwa mlandu wonyoza milungu ya mzindawo ndi kusocheretsa achinyamata. Wophunzira wake Plato analemba za kucheza kumene akuti kunachitika pakhonde la bwalo, mlanduwo usanalowe, pakati pa Socrates ndi munthu wodzitama kuti amadziwa za milungu, dzina lake Euthyphro. Iyeyu anabwera kudzasumira bambo ake omubereka. Kumunda kwawo pachilumba cha Naxos, waganyu wina ataledzera anapha kapolo wa pakhomopo. Bambowo anamanga waganyuyo manja ndi miyendo, n'kumuponya m'ngalande, n'kutumiza mthenga ku Athens kukafunsa womasulira malamulo a chipembedzo kuti achite naye chiyani. Mthengayo asanabwerere, waganyuyo anafa ndi njala, kuzizira ndi zomangirazo. Achibale anati mwana wosumira kholo akulakwira milungu. Euthyphro anati wolakwira milungu ndi amene akubisa magazi.

Socrates anamufunsa kuti chopatulika n'chiyani makamaka. Yankho lakuti ndi chimene milungu imakonda silinachedwe kugwa, popeza milungu ya Agiriki inkakangana yokhayokha, ndiye chinthu chimodzi chikanakhala chokondedwa ndi uyu, chodedwa ndi uyo. Euthyphro anakonza: ndi chimene milungu yonse imakonda. Apo ndiye Socrates anatulutsa funso limene likuvutitsabe anthu mpaka lero: kodi milungu imakonda chopatulika chifukwa n'chopatulika, kapena chimakhala chopatulika chifukwa milunguyo yachikonda?

Ena amafuna kuthawira poti funsoli linali la milungu yambiri, ife tili ndi mmodzi. Sizithandiza. Socrates anali atachotsa kale vuto la kukangana kwa milungu asanafunse. Kwa Mkhristu, Msilamu ndi Myuda funsoli limangovala malaya ena: Mulungu amalamula chinthu chifukwa n'chabwino, kapena n'chabwino chifukwa walamula? Ndi mphanda ya nthambi ziwiri, ndipo nthambi iliyonse ili ndi mtengo wake wolipira.

Nthambi yoyamba: n'chabwino chifukwa walamula

Amene anagwira nthambi iyi mopanda mantha ndi Abu al-Hasan al-Ash'ari wa ku Basra, amene anamwalira ku Baghdad cha m'ma 935, ndi William wa ku Ockham, wansembe wachingerezi wa chipani cha Francis amene anamwalira mu 1347. Chiphunzitso cha al-Ash'ari chinafala kwambiri pakati pa Asilamu a Sunni, makamaka otsata njira ya Shafi'i, yomwenso ndi imene inafika kuno kudzera kugombe la nyanja ya Indian Ocean. Mfundo yake si yachibwana. Kupondereza, iwo amati, ndi kuchita zofuna zako pa chinthu cha mwini, kapena kudumpha malire amene wamkulu wako anakuikira. Mulungu alibe wamkulu, ndipo palibe chinthu chimene si chake. Ndiye mawu akuti kupondereza sangamugwire. Qur'an 21:23 imati Iye safunsidwa za zimene amachita, koma anthu ndiwo adzafunsidwa. Ockham anafika ponena kuti Mulungu akanalamula kuba, chigololo ngakhale kudana naye Iye mwini, zimenezo zikanakhala zoyenera kuchita.

Pali nkhani ina imene olemba a pambuyo pake anafalitsa yofotokoza chimene al-Ash'ari anasiyirana ndi mphunzitsi wake al-Jubba'i, wa gulu la Mu'tazila, limene linkati Mulungu ayenera kuchitira aliyense chimene chili chomukomera koposa. Wophunzirayo akuti anafunsa za abale atatu: wina anafa ali wamkulu wolungama, wina ali wamkulu wochimwa, wina ali khanda. Woyamba ali ku Paradizo, wachiwiri kumoto, khandalo lili pamalo otsikirapo. Khanda likafunsa kuti bwanji simunandisiye ndikule ndipeze malo a mkulu wanga, yankho likhala lakuti ndinadziwa kuti ukakula udzachimwa. Nanga wa kumoto uja akafuula kuti bwanji ine simunanditenge ndili khanda? Mphunzitsiyo akuti anasowa chonena. Phunziro la nkhaniyi kwa otsatira al-Ash'ari n'lakuti sikelo ya munthu singayeze Mulungu.

Mtengo wa nthambi iyi ndi wokwera. Ngati chimene chikuipitsa kuzunza mwana ndi lamulo lokha, ndiye lamulolo litatembenuka mawa, kuzunza mwana kukhala chabwino. Pamenepa pafupifupi aliyense amafulumira kunena kuti, "Mulungu sangalamule zimenezo." Mufunseni chifukwa chake. Akangoti "chifukwa n'zoipa," wadumphira ku nthambi yachiwiri osadziwa, popeza wavomera kuti zinali zoipa lamulo lisanabwere. Uku ndi kuterereka kumene kumachitika kwambiri pa mtsutso wonsewu, ndipo woyendetsa zokambirana ayenera kumakutchera khutu.

Kachiwiri, mawu akuti "Mulungu ndi wabwino" amatsala gwa, opanda kanthu m'kati. Amangotanthauza kuti Mulungu amachita zimene wafuna, zomwe mfumu yankhanza iliyonse imachitanso. Leibniz, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, analemba mu 1686 kuti palibe chomutamandira Mulungu pa zimene wachita ngati akanatamandidwanso chimodzimodzi atachita zosiyana nazo. Nyimbo zonse zoyamika ubwino wake zimasanduka kuwombera m'manja mphamvu basi. Ndipo pali lina limene anthu sakonda kuliona: ngati bodza si loipa kwa Mulungu, n'chiyani chikugwira malonjezo ake, kuphatikizapo buku lomwe malamulowo alembedwamo?

Nthambi yachiwiri: walamula chifukwa n'chabwino

A Mu'tazila anati nzeru za munthu zimatha kuona kuti bodza ndi kupondereza n'zoipa mneneri asanabwere, ndipo chivumbulutso chimangotsimikiza ndi kuwonjezera. Ku Ulaya, Hugo Grotius wa ku Holland, polemba za malamulo a nkhondo ndi mtendere mu 1625, pomwe Akatolika ndi Apulotesitanti ankaphana m'nkhondo ya zaka 30, anati malamulo achibadwa akanagwirabe ntchito ngakhale titavomera kuti kulibe Mulungu, ngakhale anawonjezera msanga kuti kuvomera zotere n'kuchimwa kwakukulu. Ankafuna lamulo limene adani a mipingo yosiyana angaligwirizane.

Chodabwitsa n'chakuti Baibulo lomwe lili ndi ndime yopendekera kuno. Pa Genesis 18, Abrahamu akupempherera Sodomu, akufunsa ngati Woweruza wa dziko lonse sadzachita chilungamo, ndipo akunena poyera kuti kupha wolungama pamodzi ndi woipa sikungakhale koyenera kwa Iye. Kenako akutsitsa chiwerengero ngati wotsatsa pamsika: 50, 45, 40, 30, 20, mpaka 10. Mulungu sakumukalipira kuti chilungamo ndi chilichonse chimene ndanena. Akuvomera sitepe iliyonse. Abrahamu akulankhula monga munthu amene akudziwa kale chilungamo, ndipo akuyembekeza kuti Mulungu achisunga.

Vuto la kuno n'lakuti zikuoneka ngati pali lamulo lina pamwamba pa Mulungu, limene sanalilenge ndipo sangalisinthe. Iye amatsala ngati nduna yolengeza zimene zagamulidwa kwina. Bertrand Russell, Mngerezi wosakhulupirira Mulungu, anagwiritsa ntchito mfundo yomweyi m'nkhani imene anakamba ku London mu 1927. Oteteza nthambiyi amayankha ndi masamu: Mulungu sangachititse kuti 2 kuphatikiza 3 ikhale 7, ndipo palibe amati ndi wofooka chifukwa cha ichi. Yankholi limathandiza pa nkhani ya mphamvu zake, koma limapereka chimene wosakhulupirira amafuna. Ngati chabwino chili ngati masamu, ndiye chikhoza kuima chokha.

Njira yachitatu ndi chitsulo cha ku Sèvres

Akatswiri ambiri achikhristu, kuyambira Augustine, Anselm ndi Thomas Aquinas amene anamwalira mu 1274, amakana kuti nthambi ndi ziwiri zokha. Amati chabwino sichili pamwamba pa Mulungu, sichilinso pansi pa chifuniro chake. Ndi mmene Iye alili. Malamulo ake amatuluka m'chikhalidwe chake, ndipo chikhalidwecho sanachite kusankha ngati malaya, sangachivulenso. N'chifukwa chake Tito 1:2 ndi Ahebri 6:18 amanena kuti Mulungu sangathe kunama. Mu 1973 Robert Adams wa ku America anaikonza mfundoyi motere: choipa ndi chimene chikutsutsana ndi malamulo a Mulungu wachikondi. Mawu akuti "wachikondi" ndiwo anyamula katundu yense pamenepo.

Adams anasiyanitsanso zinthu ziwiri zimene ndi bwino kuzisunga padera pa mtsutso uliwonse: ubwino ndi udindo. Kupereka impso yako kwa mlendo n'kwabwino, koma palibe angakuimbe mlandu ukapanda kutero. Kubweza ngongole ndi udindo. Ukakana, walakwira munthu. Ubwino, iye amati, umachokera pa kufanana ndi chikhalidwe cha Mulungu, pomwe udindo umachokera pa lamulo lake, chifukwa udindo uli ngati ngongole, umafuna mwini woulonjerera.

Njira iyi imachotsadi mantha akuti lamulo litembenuka mawa. Koma wotsutsa wochenjera amangolikankhira funso lija kumbuyo sitepe imodzi. Kodi Mulungu ndi wabwino chifukwa ali ndi chifundo, chilungamo ndi kukhulupirika, kapena chifundo, chilungamo ndi kukhulupirika n'zabwino chifukwa chakuti zapezeka mwa Mulungu? Mukasankha choyamba, ndiye chifundo n'chabwino pachokha, ndipo chikanakhala chabwino mwa aliyense, Mulungu alipo kapena kulibe. Mukasankha chachiwiri, mwabwerera pafupi ndi Ockham.

William Alston mu 1990 anasankha chachiwiri, n'kupereka fanizo la muyeso. Kuyambira 1889, mita inali kutalika kwa pakati pa mizere iwiri pa chitsulo china chosungidwa ku Sèvres pafupi ndi Paris, chopangidwa ndi platinamu magawo 90 pa 100 ndi iridiyamu magawo 10. Tepi ya telala ndi ya mmisiri wa nyumba, m'maiko oyeza ndi mita, inali yolondola ngati ikugwirizana ndi chitsulocho. Kufunsa kuti chitsulocho chikugwirizana ndi chiyani kunalibe tanthauzo. Icho ndicho chinali mita. Mulungu, anatero Alston, ali choncho pa ubwino: si wophunzira amene wakhoza mayeso, ndi mayeso ake enieniwo.

Fanizoli ndi lokongola, koma mbiri ya chitsulocho imaliluma. Mita sinayambire pa chitsulo. Mu 1791 akatswiri a ku France anagwirizana kuti mita ikhale gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a mtunda wochokera ku North Pole kufika pa equator kudzera mu Paris, ndipo zitsulo zinasulidwa kuti zitsate muyeso umenewo. Pambuyo pake zinadziwika kuti mita ya chitsuloyo inaperewera pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Mu 1960 chitsulocho chinapumitsidwa ntchito, ndipo kuyambira 1983 mita ndi mtunda umene kuwala kumayenda mu gawo limodzi mwa magawo 299,792,458 a sekondi. Chachikulu n'chakuti kutalika kwa mita kunali kongopangana. Akanasula chitsulo chachifupi ndi theka, palibe akanalakwiridwa. Chifundo sichili choncho. Aliyense amatha kufotokoza ubwino wa kudyetsa wanjala popanda kuloza chitsanzo chosungidwa kwina: wanjalayo akuvutika, ndipo akadya kuvutikako kutha.

Kuona kwanga n'kwakuti njira yachitatuyi ndi yankho labwino koposa limene wokhulupirira ali nalo, koma silimaliza funso la Socrates. Limangosonyeza pamene wokhulupirira wasankha kuimira n'kunena kuti, "Apa ndiye pathera, zili choncho basi." Kuima si kulakwa. Aliyense amaima penapake. Cholakwa n'kudzinenera kuti iwe sunaime, ndiye mnzako yekha ndi amene wasowa yankho.

Ndime zimene zimayesa zonsezi

Pa 1 Samueli 15:3 Sauli akulamulidwa kupha Aamaleki onse, amuna, akazi, ana ndi oyamwa, ng'ombe, nkhosa, ngamira ndi abulu. Pa Genesis 22 Abrahamu yemwe uja wotsutsa za Sodomu akuuzidwa kupereka Isake nsembe, ndipo sakutsutsa n'kamodzi komwe. Mayankho amene amaperekedwa ndi ochepa, ndipo lililonse limaulula nthambi imene mwini wake wakhalapo. Aquinas anati Mulungu ndi mwini moyo, ndiye akautenga si kupha; ilo ndi yankho la al-Ash'ari lomwe lija la mwini katundu. Ena amati mawu akuti "onse" anali kalankhulidwe kokokomeza ka nkhondo za nthawi imeneyo, n'kuloza kuti Aamaleki akupezekanso pa 1 Samueli 27 ndi 30. Ena amati olembawo anamuikira Mulungu m'kamwa mawu a mkwiyo wawo. Mayankho awiri omalizawa amayamba ndi kutsimikiza kuti kupha makanda n'koipa, kenako n'kuwerenga ndimeyo ndi diso limenelo.

Immanuel Kant mu 1798 anati Abrahamu akanayenera kuyankha kuti zoti sayenera kupha mwana wake wosalakwa akuzidziwa motsimikiza, koma zoti mawu akumvawo ndi a Mulungu sangazitsimikize, ngakhale atamveka kuchokera kuthambo. Mfundo iyi si ya m'kalasi mokha. Aliyense wouzidwa ndi mneneri kuti Mulungu wati asiye mankhwala a ARV, kapena kuti agogo a pakhomo ndi mfiti, waima pomwe Kant akunenapo. Adams yemwe anavomera kuti lamulo lankhanza zopanda chifukwa silingakhale lomanga, popeza wolamulayo sangakhale Mulungu wachikondi uja. Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale gwero litakhala Mulungu, pozindikira mawu ake munthu amagwiritsabe ntchito chikumbumtima chimene ali nacho kale. Mpingo wa Dutch Reformed ku South Africa unateteza tsankho la pakati pa azungu ndi anthu akuda ndi mavesi kwa zaka zambiri. Mu 1982 ku Ottawa bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse linagamula kuti chiphunzitsocho n'chopotoka, ndipo mu 1986 sinodi ya mpingowo inayamba kubweza mawu. Baibulo linali lomwelo mbali zonse.

Ngongole ya wosakhulupirira

Asaganize kuti watuluka osalipira. Akafunsidwa gwero, ambiri amathamangira ku chisinthiko cha zamoyo: timathandizana chifukwa makolo athu amene ankathandizana ndiwo anapulumuka. Amatchula kafukufuku wa Sarah Brosnan ndi Frans de Waal wa 2003, pomwe anyani aang'ono a mtundu wa capuchin ankakana nkhaka akaona mnzawo akulandira mphesa pa ntchito yofanana. Izi zikufotokoza kumene mtima wodana ndi kukondera unachokera. Sizikunena ngati mtimawo uli pa choonadi. David Hume anaona mu 1740 kuti olemba ambiri amachoka pa "zili motere" n'kufika pa "ziyenera kutere" popanda mlatho. Darwin mwini analemba mu 1871 kuti anthu akanaleredwa ngati njuchi, akazi osakwatiwa akanaona kupha alongo awo kukhala udindo wopatulika. Ngati chikumbumtima chikanatha kutuluka chotero, n'chiyani chikutsimikiza kuti chathuchi ndicho cholondola? Onaninso kuti pa anyani aja, wodandaula anali wa nkhaka. Wa mphesa ankangodya.

Njira zotulukira zilipo zitatu, ndipo wosakhulupirira anene imene watenga. Atha kutsata J. L. Mackie, amene mu 1977 ananena mosabisa kuti palibe chabwino kapena choipa chokhazikika kunja kwa maganizo a anthu. Akatero asadzanenenso kuti Mulungu wa 1 Samueli 15 ndi woipadi, anene kuti sakumukonda. Atha kunena kuti malamulo ndi pangano la anthu okhala pamodzi. Akatero afotokoze chimene chinkaipitsa malonda a akapolo ku Nkhotakota pamene amphamvu onse a nthawiyo ankawavomereza. Kapena atha kunena kuti kuzunza wosalakwa n'koipa basi, monga 2 ndi 3 ali 5, popanda wolamula. Imeneyi ndiyo yolimba, ndipo Sam Harris, wosakhulupirira Mulungu, anayandikirako pa mtsutso wake ndi Mkhristu William Lane Craig ku yunivesite ya Notre Dame ku America mu 2011, pomwe anaika maziko pa kuvutika ndi kukhala bwino kwa zamoyo. Koma apa ndi pomwe Elizabeth Anscombe, Mkatolika wa ku Oxford, anabaya mu 1958: mawu akuti "uyenera" ndi otsalira a nthawi imene anthu ankakhulupirira wopereka malamulo, ngati kupitiriza kunena kuti "wapalamula" makhoti ndi malamulo zitathetsedwa. Masamu salamula munthu. Ukalakwitsa kuwerengera ndiwe wosadziwa, koma sunachimwire 5.

Poyendetsa mtsutso

Kaya ndi m'kalasi, kumpingo kapena pawailesi, mutu ulembedwe m'chiganizo chimodzi chokhudza funso limodzi mwa anayi aja, monga "Udindo wa kuchita chabwino sungakhalepo popanda Mulungu." Mutu wakuti "Chipembedzo n'chabwino kapena ayi" ubala phokoso lokha. Asanayambe, aliyense anene Mulungu amene akukamba, pakuti wa al-Ash'ari ndi wa Aquinas sagwa ndi nkhonya imodzi. Agwirizanenso chitsanzo chimodzi chimene onse akuvomereza kuti n'choipa, monga kugulitsa mwana, kuti mkangano ukhale pa chifukwa chake. Mphindi 15 aliyense zotsegulira, 8 zoyankha, kenako 10 zofunsana maso ndi maso, pomwe wofunsidwa saloledwa kuyankha funso ndi funso. Gawo lomalizali ndilo limatulutsa zenizeni, ndipo ndi limene okonza ambiri amalidula nthawi ikawathera. Wina akayamba kuwerenga mitembo ya Stalin kapena ya nkhondo za mtanda, wapampando amubweze: limenelo ndi funso loyamba.

Mchere, mdulo ndi katundu wa amasiye

Funsoli lili ndi nkhope yakenso kwathu kuno. John Mbiti wa ku Kenya analemba mu 1969 kuti chipembedzo chimalowerera mbali iliyonse ya moyo wa Mwafirika. Kwasi Wiredu ndi Kwame Gyekye a ku Ghana anayankha kuti pakati pa Aakan, mtundu wa anthu a kwawoko, chinthu chimatchedwa chabwino chifukwa chimamanga anthu, ndipo Mulungu ndi mizimu amangolondera lamulolo. Makolo a Chichewa ankadziwa Chauta, Namalenga, Mphambe, wopereka mvula, ndipo ankathira nsembe kukachisi. Koma mwana akafunsa chifukwa chosachitira chinthu, yankho silinkakhala lakuti Chauta analamula. Linkakhala lakuti ndi mwambo, kapena "udula anthu," kapena "chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Wankhanza sankanenedwa kuti waswa lamulo lakumwamba. Ankati alibe umunthu, ndi chinyama.

M'mwambomo muli malamulo a mitundu iwiri, ndipo kuwasiyanitsa kumamasula zambiri. Lamulo lakuti mayi amene ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo, poopa mdulo, mphamvu yake yonse ili pa oliika ndi pa chilango chimene ankakhulupirira. Mabanja ambiri a m'tauni analisiya, ndipo palibe amamva kuti wina walakwiridwa. Lili ngati kuyendetsa galimoto kumanzere kuno pomwe ku Angola ndi ku Congo amayendetsa kumanja, kapenanso nkhani ya nkhumba ndi ya tsiku lopembedza, zimene zimamanga munthu chifukwa cha amene analamula. Lamulo lakuti usalande za mwana wamasiye ndi la mtundu wina. M'madera ena achibale a mwamuna ankasesa katundu maliro asanazizire n'kumati ndi mwambo, koma anthu a m'midzi momwemo ankanena kuti kumeneko n'kupanda umunthu, kalekale lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye lisanakhwimitse chilango cha olanda. Ankayeza mwambo ndi sikelo ina yoposa mwambowo.

Wokhulupirira adzati sikeloyo ndi chifaniziro cha Mulungu cha pa Genesis 1:27, chimene chinali mwa agogo athu amishonale asanafike ku Cape Maclear mu 1875. Mnzake adzati ndi maso a mayi wamasiye atatsala ndi mphasa yokha, ndipo safuna china chowonjezera. Pa mchere uja onse awiri agwirizana msanga kuti lamulo ndilo linkapanga mlandu. Wapampando awasunge pa katundu wa amasiyeyo, ndipo aliyense afotokoze ngati kulandako kukanakhala koyenera tsiku limene mfumu, mizimu ndi Mulungu yemwe akanakuloleza.